Chandamale, ndi munthu amene amauza wamfuti kuti aleke

Mawu oti chandamale timawayankhula ngati kuti tidabadwa nawo. Wandale akamadandaula pa wailesi amati adani ake amuyesa chandamale, ndipo mlaliki naye amachenjeza achinyamata kuti ndiwo chandamale cha woipayo. Koma mukapita ku India kapena ku Pakistan mukapeza mawu oti chandmari, amene amatanthauza kuyeserera kuwombera, komanso bwalo limene asilikali amayesererapo. Mumzinda wa Guwahati muli dera lonse lotchedwa Chandmari. Kufanana kumeneku ine sindikuona ngati kwangozi. Asilikali oyamba amene boma la atsamunda lidabwera nawo kuno mu 1891 adachokera ku India, ndipo iwo ndi anzawo amene adawatsatira ndiwo adaphunzitsa makolo athu kuguba ndi kuwombera. Mawuwo adatuluka m'balakisi nalowa m'mudzi, mpaka pa guwa. Malamulo amene amayenda ndi chandamale, oti pabwalo pasafe munthu, adatsalira mkati mwa mpanda.

Ine kwathu ndi ku Salima, cha kunyanja, ndipo kwa ife mfuti si nkhani ya m'mafilimu. M'boma lathu lino ndimo muli sukulu ya asilikali ya MAFCO, imene idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi dzina loti Kamuzu Military College, ndipo ku Senga Bay kuli asilikali odumpha m'ndege. Tinganene kuti dziko la Malawi limaphunzirira mfuti yake pakhomo pathu. Anzathu ambiri amene tidali nawo ku sekondale, ngakhale ena amene ali ndi digiri, akulembera ntchito ku usilikali, ku polisi ndi ku makampani a alonda, chifukwa kwina kulikonse akuwauza kuti malo palibe. Choncho funso loti munthu amaphunzira bwanji kugwira mfuti likutikhudza, ngakhale ife amene timangogwira bolopeni.

Ndikawerenga mbiri ya mfuti m'dziko muno ndimapeza kuti mkangano wonse wakhala pa funso limodzi: ndani aigwire? Funso lachiwiri, loti woigwirayo aigwire motani ndipo ndani ali ndi mphamvu yomuuza kuti aleke, sitidalikambirane pagulu. Chodabwitsa n'chakuti anthu amene adalilingalira mozama funso limeneli ndi amasewera, anthu opikisana kuwombera mbale zachitsulo pofuna chikho. Ndifika kwa iwo, koma tiyambe ndi gombe lathu lomweli.

M'zaka za m'ma 1840 Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo kuchokera pamenepo nyanja idasanduka msewu wa minyanga ya njovu, akapolo, nsalu ndi wonga. Kumwera kwake, mafumu achiyao monga Makanjira ndi Mponda adakula mphamvu ndi malonda omwewo. Mukaima pa Senga Bay tsiku lopanda nkhungu, mapiri amene mumawaona kutsidya ndi a dera la Makanjira, ndipo kupapatiza kwa nyanja pamenepa n'kumene kudachititsa gombe lathu kukhala powolokera. Mfuti imene inkayenda m'malonda amenewa idali ya gogodela. Mumathira wonga kukamwa kwake, n'kuikamo kasanza, kenako mtovu kapena tizitsulo tilitonse timene mwapeza, n'kusinja ndi kamtengo kapena kachitsulo. Zambiri zinkapangidwa motchipa ku Birmingham ndi ku Liège, dala kuti zikagulitsidwe ku Africa. Wonga ukachuluka kapena mpope ukachita dzimbiri, mfutiyo inkaphulikira mwini wake m'manja. Mpaka lero oyang'anira nyama zakutchire amalandabe mfuti zamtunduwu, zina zosula kumudzi, kwa anthu opha nyama mobisa.

Mu 1890 mayiko a ku Ulaya adasainirana pangano ku Brussels lonena kuti akufuna kuthetsa malonda a akapolo. M'panganomo mudali ndime yoletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa. Pa pepala cholinga chidali chabwino. Pansi pano zotsatira zake zidali zakuti mfungulo ya mfuti yabwino idakhala m'thumba la boma la atsamunda, Mwafirika n'kutsala ndi gogodela. Chaka chotsatira Harry Johnston adafika ndi Kaputeni Cecil Maguire ndi asilikali a ku India pafupifupi 70, ambiri mwa iwo a mtundu wa Sikh. Maguire sadathe chaka: adaphedwa mu Disembala 1891 akufuna kuwononga zombo za Makanjira, ndipo linga limene lidamangidwa kutsidyako adalitcha Fort Maguire. Koma pofika 1895, pamene Mlozi adanyongedwa ku Karonga, mpikisano wa mfuti pa nyanja udali utatha, ndipo wopambana adali mmodzi.

Mwa asilikali achikuda amene adalembedwa m'nkhondo zimenezi mudatuluka gulu la Central Africa Rifles mu 1896, limene mu 1902 lidakhala mbali ya King's African Rifles, Keyala ya agogo athu. Anthu amenewa adamenya nkhondo ku Somaliland, ku Tanganyika, ku Ethiopia, ku Burma ndi ku Malaya. Adaphunzira chandamale mwadongosolo: kugona pamzere, kudikira lamulo, kuwombera, kutsegula mfuti kuti sajeni aone kuti mulibe kanthu. Atabwerera kumudzi adabwera ndi perete, amene adalowa m'magule monga beni, mganda ndi malipenga. Mfuti adaisiya ku Zomba, ndipo nzeru ya kuigwira idalibe poonekera m'mudzi.

Nanga kuwombera ngati masewera? Kudalipo, koma kwa eni ake. Mu 1901 azungu okhala kuno adayambitsa gulu la asilikali odzipereka, limene pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland Volunteer Reserve. Pachiyambi gululi lidali ngati makalabu ophunzira ndi kupikisana kuwombera, m'malo monga Blantyre ndi Zomba. Masewerawo adali ndi ntchito yake. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe atadzuka, chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene adachita chidali kuthyola nyumba yosungira zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala, chifukwa ambiri adali ndi mikondo chabe. Adapezako mfuti zowerengeka. Amene adawasaka m'masabata otsatira adali a Keyala pamodzi ndi azungu a m'makalabu aja. Ndiye munthu akamaona masewera owombera ngati chinthu cha azungu, asamunene kuti ndi mbuli. Mbiri ili kumbali yake.

Koma azunguwo nawo malamulo a pabwalo sadabadwe nawo. Adawaphunzira ndi magazi. Mu 1853 asilikali a ku Britain adatsegula sukulu yophunzitsa kuwombera ku Hythe, chifukwa mfuti zatsopano zinkaponya chipolopolo kutali kwambiri kuposa zakale. Mu 1860 bungwe la National Rifle Association la ku Britain lidachititsa mpikisano wake woyamba pa Wimbledon Common, kunja kwa London. Mfumukazi Victoria ndiye adautsegulira pokoka chingwe chomangidwa ku mfuti, ndipo chipolopolo chidakamenya chandamale chachitsulo pa mtunda wa mayadi 400. Onani apa: chandamale chachitsulo n'chakale. Ubwino wake ndi woti chimalira chikamenyedwa ndipo sichitha msanga. Kuipa kwake n'kwakuti mtovu ukamenya chitsulo umaphwanyika n'kumwazika, ndipo amene ankavulala ndi anthu olembedwa ganyu yobisala pafupi ndi chandamale kuti azilozera pamene chipolopolo chamenya. M'zaka za m'ma 1870 mipikisano ija idasiya chitsulo n'kuyamba kugwiritsa ntchito chinsalu, olozera aja atakhala m'ngalande pansi.

Vuto lina lidali la anansi. Mzinda wa London unkakula, nyumba zikuyandikira bwalo, ndipo eni malo a kuseri kwa chandamale adayamba kudandaula. Mu 1890 mpikisano udasamukira ku Bisley, kumene uli mpaka lero. Ena adapitirizabe kuwombera pa Wimbledon mpaka 1894, pamene chipolopolo chosokera chidapha munthu wokumba manda m'manda oyandikana nawo. Pamenepo mpamene adalekeratu. Mbendera yofiira, chimtumbira cha dothi kuseri kwa chandamale, dera loletsedwa kuseri kwa mtumbirawo, zonsezi zidabwera chifukwa cha anthu ngati wokumba mandayo, amene sadali nawo m'masewera n'komwe.

Chitsulo chidabwereranso pabwalo patapita zaka pafupifupi 100, kudzera ku America. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 Jeff Cooper, amene adali msilikali wa gulu la Marines, ankachititsa mipikisano yosolola pisitoli mwachangu ku Big Bear Lake ku California. M'mipikisano imeneyi mudabadwa masewera amene mu 1976 adakhala ndi bungwe la dziko lonse, IPSC, lokhazikitsidwa ku Columbia m'chigawo cha Missouri, Cooper ali mtsogoleri wake woyamba. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti masewerawa adafika msanga m'dera lathu lino. Mpikisano wa dziko lonse wa 1977 udachitikira ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo adapambana Dave Westerhout wa komweko. Wa 1979 udachitikira ku Roodepoort ku South Africa. Ganizirani zaka zimenezo: Rhodesia ili pakati pa nkhondo yomenyera ufulu, South Africa ili pansi pa tsankho, ndipo Amalawi zikwizikwi akugwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a mayiko awiriwa. Wosolola pisitoli mwachangu ku Salisbury mu 1977 sankaganiza za chikho chokha. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndikupaka mafuta mbiri ya masewerawa.

Mu 1981 Mike Dalton ndi Mike Fichman adayambitsa ku California mpikisano wotchedwa Steel Challenge, wa chitsulo chokhachokha. Kamvedwe kake n'kosavuta. Patsogolo pa wopikisana pamaikidwa mbale zisanu zachitsulo zopakidwa penti yoyera, zina zozungulira, zina za ngodya zinayi, yapafupi pa mayadi 7, yakutali pa mayadi 35. Kachipangizo koyeza nthawi kakalira, iye amenye mbale zinayi m'ndondomeko imene afuna, n'kumalizira pa yachisanu imene imaimitsa nthawi. Mbale iliyonse imene waisiya osaimenya amamuwonjezera masekondi atatu. Pali mitundu isanu ndi itatu ya kayalidwe ka mbalezi, ndipo pa yambiri mwa iyo munthu amayesa kasanu, ulendo umene wachedwa kwambiri n'kuutaya. Akatswiri amamaliza mbale zisanu m'masekondi osakwana awiri. Kuthamanga kotereku ndi mfuti yodzaza m'manja n'kumene kumafuna malamulo ouma, ndipo apa ndi pamene ine ndimachita chidwi.

Lamulo loyamba n'lakuti bwalo lonse ndi lozizira. Tanthauzo lake, palibe amene amayenda ndi mfuti yoikamo zipolopolo, kaya ndi katswiri wa dziko lonse, kaya ndi msilikali wa nyota zingati. Mfuti imakhala m'chikwama kapena m'chotengera cha m'chiuno, yopanda magazini. Ukafuna kuipukuta kapena kuikonza pali tebulo lapadera loyang'ana kumtumbira, ndipo pa tebulo limenelo n'koletsedwa kugwira chipolopolo ngakhale chimodzi. Mfuti ndi chipolopolo zimakumana pamalo amodzi okha: pamzere, pamaso pa woyang'anira bwalo, amene pa Chingerezi amamutcha Range Officer.

Munthu ameneyu amaima kumbuyo kwa wowomberayo, pafupi moti angathe kumugwira mkono, ndipo maso ake sakhala pa chandamale. Amakhala pa mfuti ndi pa chala. Mawu amene amayankhula ndi owerengeka, ndipo m'mipikisano ya IPSC amanenedwa m'Chingerezi kulikonse pa dziko lapansi, mosasintha, kuti mlendo asasokonezeke. Amayamba ndi kukuuza kuti ukonzeke, ndipo pamenepo mpamene umaloledwa kutulutsa mfuti n'kuikamo zipolopolo. Amafunsa ngati wakonzeka. Amati "Standby", kenako kachipangizo kamalira. Ukamaliza amakuuza kuti uchotse magazini, utsegule mfuti, umuonetse kuti mulibe kanthu. Iwe uyang'ane, iyenso ayang'ane. Ndiye ngakhale nonse mwaona kuti mulibe kanthu, ngati ndi pisitoli yaikulu amakuuzabe kuti uilozetse kumtumbira ndi kuikhethemula, kuti ngati maso anu onse anayi anama, chipolopolocho chikalowe m'dothi. Ikabwerera m'chikwama mpamene amalengeza kuti bwalo layera, anthu n'kupita kutsogolo kukapakanso penti.

Zolakwa zina chilango chake ndi masekondi. Zolakwa za chitetezo chilango chake n'chimodzi: mpikisano wako wathera pomwepo. Ukatembenuza kukamwa kwa mfuti mpaka kudutsa mzere wongoganizira wa kumanja ndi kumanzere kwako, kumayang'ana kumene kuli anthu, watuluka. Mfuti ikaloza mbali iliyonse ya thupi lako, ngakhale dzanja lako lomwe pamene ukusintha magazini, watuluka. Chala chikakhala pa chokhethemulira pamene ukuikamo zipolopolo kapena ukukonza mfuti yokakamira, watuluka. Mfuti ikalira usanafune, watuluka. Ikagwa pansi, sumaitola, umaitana woyang'anira. Wofika ataledzera kapena atasuta sayandikira n'komwe. Palibe zoti palibe wavulala, palibe zoti ndachokera kutali ndipo ndalipira ndalama zambiri. Akatswiri otchuka adachotsedwapo m'mipikisano ikuluikulu ndi woyang'anira wongodzipereka, amene pa luso lowombera sangawayandikire n'komwe.

Chitsulo chenichenicho chili ndi malamulo akenso, amene ndi yankho ku mavuto a ku Wimbledon aja. Chiyenera kukhala cholimba kwambiri ndi chosalala, kuti chipolopolo chiphwanyike n'kumwazikira m'mbali motsata nkhope ya mbaleyo. Chitsulo chofewa chimachita maenje, ndipo dzenje limabweza zidutswa kwa wowomberayo. N'chifukwa chake mbale yokumbika imachotsedwa, zipolopolo za mtima wachitsulo n'zoletsedwa, ndipo malamulo a IPSC salola kuwombera chitsulo ndi pisitoli pa mtunda wochepera mamita 7. Aliyense pabwalo, woonerera yemwe, amavala magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Wina amene angaganize zopachika khasu lakale kapena limu ya galimoto pa mtengo kuti ayeserepo mfuti ya amalume ake, adziwe kuti akudzitchera msampha yekha.

Pamwamba pa zonsezi pali mawu amodzi, "Stop". Woyang'anira akawanena, wowomberayo amaima pomwepo, chala kunja, mfuti ili chilozere kumtumbira, osafunsa chifukwa. M'mabwalo ambiri mlendo amauzidwa tsiku loyamba kuti aliyense amene waona choopsa, kaya mwana wadutsa, kaya mbuzi yalowa, ali ndi ufulu wofuula kuti kuwombera kuleke, ndipo onse ayenera kumvera. Zifukwa amakambirana pambuyo. Kwa ife amene tidakula tikuuzidwa kuti wamkulu salakwa ndipo wa yunifolomu sayankhidwa, dongosolo limeneli ndi lachilendo kuposa mfutiyo.

Cooper adasiyanso malangizo anayi amene afalikira dziko lonse. Mwachidule, mfuti iliyonse uiyese yodzaza, usailozetse pa chinthu chimene sukufuna kuwononga, chala chikhale kutali ndi chokhethemulira mpaka utatsimikiza kuwombera, ndipo udziwe chimene ukuwombera komanso chimene chili kuseri kwake. Lachinayili ndi limene likukhudza gombe lathu mwapadera.

Munthu wosadziwa akaona nyanja amaganiza kuti palibe malo abwino owomberako kuposa amenewa: madzi okhaokha mpaka kutsidya. N'zosiyana kwambiri. Aliyense amene adakulira kunyanja adaponyapo kamwala kaphanthiphanthi pamadzi n'kuwerenga kuti kanjanja kangati. Chipolopolo chimachita chimodzimodzi chikafika pamadzi mopendekeka pang'ono: chimanjanja n'kupitirira, nthawi zina chitakhotera kwina. Ngakhale kachipolopolo kakang'ono ka .22 kamatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, ndipo cha mfuti yaikulu ya asilikali chimapitirira makilomita atatu. Tsono nyanja yathu si yopanda anthu. Muli mabwato, muli a chilimira, muli amayi ochapa ndi ana osamba m'mbali. Kumtundanso zinthu zasintha. Malo amene zaka 40 zapitazo adali tchire lero ndi minda, midzi ndi malo ogona alendo. Bwalo lowomberapo silisuntha, koma anthu amalisunthira, ndipo zimene zidachitika ku Wimbledon zingachitike paliponse pamene mudzi ukukula kuseri kwa mtumbira.

Titalandira ufulu mu 1964, Keyala idasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1967 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la mfuti limene limafuna kuti munthu wamba akhale ndi chilolezo chochokera ku polisi. Funso lidali lomwe lija: ndani aigwire? Yankho la boma la Kamuzu lidaphatikizapo a Malawi Young Pioneers, achinyamata a chipani amene adapatsidwa zida ndipo sankayankha kwa asilikali kapena kwa apolisi. Iwowa chandamale adaphunzira. Chimene adalibe ndi munthu woima kumbuyo kwawo amene angawauze kuti aleke. Pa 1 Disembala 1993 a Payoniya adawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu, ndipo patangopita masiku awiri asilikali adayamba kuwalanda zida m'dziko lonse, pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani. Ambiri adathawira ku Mozambique, dziko limene nkhondo yake yapachiweniweni idali itangotha mu 1992 ndipo idasiya mfuti za AK-47 zikuyenda m'malire ngati katundu wa pamsika. Mu 2001 mayiko a SADC adasainirana pangano lothana ndi kufala kwa mfuti, ndipo adasainira ku Blantyre. Nalonso kwakukulu ndi la kalembera, malire ndi umwini.

Masiku awiri amandivuta ndikamaganiza za nkhaniyi. Pa 3 Malichi 1959 ku Nkhata Bay, pa gombe la nyanja yomweyi, gulu laling'ono la asilikali a Royal Rhodesia Regiment lidawombera khamu limene lidasonkhana pa doko pofuna abale awo amene adatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Anthu osachepera 20 adafa. Pa 20 ndi 21 Julayi 2011 anthu 20 adafa pa zionetsero, ambiri ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo bungwe lofufuza lidapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu yopyola muyeso. Boma loyamba lidali la atsamunda, lachiwiri tidalisankha tokha. Amene adawombera onse adali ndi chilolezo chogwira mfuti. Funso loyamba lija lidali litayankhidwa bwinobwino.

Ndikudziwa chimene mnzanga wa zamalamulo anganene: msewu si bwalo la masewera. Pabwalo palibe amene akukugenda, palibe sitolo imene ikuyaka, palibe mantha. N'zoona, ndipo sindikunena kuti malamulo a Steel Challenge akadapulumutsa anthu a ku Nkhata Bay. Sindikunenanso kuti Amalawi agule mfuti. Dziko la America, kumene malamulo okhwimawa adalembedwa, limataya anthu oposa 40,000 pachaka ndi mfuti m'zaka zaposachedwazi, kuphatikizapo odzipha okha. Malamulo a pabwalo amateteza bwalo basi. Koma nchifukwa chake omwewo ali ndi phunziro: amaonetsa kuti anthu omwewo, ndi mfuti zomwezo, amasiya kuvulazana pamene pali woyang'anira amene ali ndi mphamvu zenizeni, chilango chosayang'ana nkhope, ndi chizolowezi chobwerezedwa mpaka chala chikudziwa chokha pokhala. Mantha akabwera, chimene chimatsala m'thupi ndi chizolowezi. Wapolisi amene chala chake chidazolowera kukhala kunja, amene adazolowera kufunsa chimene chili kuseri kwa munthu amene akumuloza, ndi wosiyana ndi amene adangoonetsedwa pokokera.

Mnzanga wina amati zonsezi n'zachizungu, Mmalawi sangatsatire malamulo ouma chotero, adzapepesa, adzatchula m'bale wake wa udindo, nkhani n'kutha. Ameneyu ndimamutumiza ku chilumba cha Mbenje, kuno ku Salima komwe, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira wa tsidya lino. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 asodzi a pa Mbenje amatsata malamulo amene sadachokere ku Zomba kapena ku Lilongwe. Chaka chilichonse, kuyambira cha mu Disembala mpaka cha mu Epulo, chilumbacho chimatsekedwa, aliyense amachoka, kuti utaka uswane. Chikatsegulidwa pamakhala mwambo, ndipo malamulo amanenedwanso poyera kuti wina asadzati sadamve. Mowa pa chilumbapo n'ngoletsedwa, chamba n'choletsedwa, juga n'njoletsedwa. Pali lamulo loletsa amayi kufikapo, limene ine ndi anzanga a m'kalasi timakangana nalo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Pali komiti imene imayang'anira maukonde ndi khalidwe, ndipo wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pa chilumbapo, ngakhale akhale mwini maukonde angati. Akatswiri a zausodzi amabwera kuchokera kutali kudzaphunzira chifukwa chake nsomba pa Mbenje zidakalipo pamene magombe ena akulira.

Munthu wa pa Mbenje mutamufotokozera za bwalo lozizira, za woyang'anira amene amatulutsa katswiri, za kuletsa woledzera kuyandikira mzere, sangadabwe. Angakufunseni kuti mbendera yofiira ikakwera pamalo owomberapo aliwonse a m'mbali mwa nyanja, amene amauza komiti ya pa doko ndani, amaiuza masiku angati zisanachitike, ndipo amaiuza m'chiyankhulo chanji. Angafunsenso ngati msodzi amene waona bwato likulowera kolakwika ali ndi nambala ya foni imene angaimbe kuti kuwombera kuyambe kwaima.